Mwavulala pa ngozi: ndani alipire? Mafunso ndi mayankho pa za chipukuta misozi

Awa ndi mafunso omwe anthu amafunsa mobwerezabwereza akavulala kapena akataya m'bale pa ngozi, kaya ndi pamsewu, kuntchito, m'sitolo kapena pakhomo pa munthu. Mayankho ake akutsata malamulo a ku Malawi. Ngozi iliyonse imakhala ndi zake, choncho musanasaine pepala lililonse kaonaneni kaye ndi loya.

Kodi aliyense wovulala pa ngozi amayenera kulandira chipukuta misozi?

Ayi. Kuvulala pakokha si mlandu. Khoti limafuna lione zinthu zitatu: kuti munthu amene mukumusumirayo anali ndi udindo wokusamalani, kuti anaunyalanyaza udindowo, komanso kuti kunyalanyaza kwakeko ndiko kunakuvulazani. Chimodzi chikasowa, mlandu wagwa, ngakhale mwendo utadulidwa.

Muyeso wake ndi wakuti: munthu wanzeru zake, atakhala pamalo pomwepo, akanachita chiyani? Dalaivala wanzeru zake sapitirira galimoto inzake pakona, sathamanga pamsika wa m'mbali mwa msewu pomwe ana akuwoloka, ndipo sanyamuka ndi matayala opyapyala mpaka mawaya kuonekera. Mfundoyi makhoti athu anaitenga ku malamulo a ku Britain, ndipo oweruza amatchulabe mlandu wa Donoghue ndi Stevenson wa m'chaka cha 1932, wa mayi wa ku Scotland yemwe anadandaula kuti anapeza nkhono yowola m'botolo la chakumwa. Pa mlanduwo anagamula kuti munthu ali ndi udindo wosamala aliyense amene n'zodziwikiratu kuti zochita zake zingamupweteke, kaya amadziwana naye kapena ayi.

Dalaivala anamangidwa ndipo khoti linamulipitsa chindapusa. Ndiye kuti nkhani yatha?

Sinathe, ndipo apa m'pamene anthu ambiri amagonera. Pa ngozi imodzi pamatuluka milandu iwiri. Woyamba ndi wa boma: apolisi amatengera dalaivala kukhoti chifukwa chophwanya malamulo a pamsewu, ndipo chindapusa chimalowa m'thumba la boma. Pa mlandu umenewu inu mumangokhala mboni. Wachiwiri ndi wanu, wofuna chipukuta misozi, ndipo palibe wapolisi amene angakuyambireni. Mukapanda kuuyamba nokha, sudzayambika.

Ngakhale dalaivala atapezeka wosalakwa pa mlandu wa boma, wanu ukhoza kupitirirabe. Kuti munthu alangidwe pamafunika umboni wosasiya chikayiko, pomwe pa mlandu wa chipukuta misozi woweruza amangoona kuti pa mbali ziwirizo ndi iti yomwe nkhani yake ikumveka yoona kuposa inzake.

Ndisunge chiyani, ndipo ndiyambire pati?

Yambani ndi chipatala, ngakhale mukuona ngati mwangosupuka. Kuvulala kwa m'mutu ndi kwa msana nthawi zina kumadzaonekera patapita masiku, ndipo ngati m'buku lanu la kuchipatala mulibe tsiku la ngozi, a mbali inayo adzanena kuti munavulalira kwina.

Kenako kanenani kupolisi, ndipo mudzatenge lipoti lawo. Lipoti limeneli limakhala ndi nambala ya galimoto, dzina la dalaivala, mwini wake, kampani ya inshuwalansi ndi nambala ya chiphaso chake, komanso maganizo a apolisi pa chomwe chinachititsa ngozi. Mukalilandira liwerengeni pomwepo. Dzina lanu likalembedwa molakwika, kapena nambala ya galimoto ikasiyana chilembo chimodzi, mudzavutika nazo kutsogolo.

Ngati pali m'bale kapena mnzanu amene ali ndi foni, ajambule malo a ngozi, nambala ya galimoto, kapepala ka inshuwalansi komata pagalasi lakutsogolo, ndi mabala anu asanapole. Atengenso manambala a foni a anthu omwe anaona. Mayi wogulitsa tomato pamalopo lero, mwezi wamawa akhoza kukhala atasamukira kumsika wina.

Zotsala ndi mapepala: zithunzi za ekisire, lipoti la dokotala lofotokoza kuvulala kwanu ndi kuchuluka kwa ulumali, malisiti a mankhwala, a ndodo zoyendera, a thiransipoti yopita kukaonetsa chikhakha. Zonse ikani mu jumbo imodzi pamalo posafika madzi kapena chiswe.

Ndinali m'minibasi. Ndisumire dalaivala, mwini wake, kapena a inshuwalansi?

Kawirikawiri maloya amawalemba onse atatu pa chisamani chimodzi. Dalaivala amayankha chifukwa ndiye analakwitsa. Mwini minibasi amayankha chifukwa lamulo limati bwana amasenza zolakwa za wantchito wake ngati wazichita ali pantchito, ndipo bwanayo sangathawire kunena kuti iye anali kunyumba. Mwini wake amakhalanso ndi mlandu wakewake ngati anatulutsa galimoto ya mabuleki osagwira, kapena anaipereka kwa munthu wopanda laisensi. Pamavuta ndi pomwe dalaivala anabwereketsa minibasi kwa mnzake kapena kwa kondakitala mwini wake osadziwa. Apo khoti limafufuza kuti woyendetsayo anali pantchito ya ndani.

A inshuwalansi amalowamo chifukwa lamulo la Road Traffic Act limalamula kuti galimoto iliyonse yoyenda pamsewu ikhale ndi inshuwalansi yoteteza anthu ena, ndipo gawo 148 la lamuloli limalola wovulala kusumira kampani ya inshuwalansiyo mwachindunji m'dzina lake.

Pa matola nkhani imasintha. Mukakwera lole kapena galimoto ya munthu n'kulipira, kampani ya inshuwalansi imakonda kukana ponena kuti galimotoyo sinalembetsedwe kuti izinyamula anthu olipira. Zikatero mumatsala ndi dalaivala ndi mwini wake.

Ngati galimoto ili ndi inshuwalansi, ndiye kuti ndalama zonse zidzaperekedwa?

Osati nthawi zonse. Inshuwalansi imakhala ndi malire, ndipo kampani imalipira kulekeza pamalirewo. M'milandu yambiri ya m'zaka zapitazi malirewo ankakhala K5 miliyoni. Khoti likagamula K12 miliyoni pa inshuwalansi yotereyi, K7 miliyoni yotsalayo muyenera kukaitenga kwa mwini galimoto ndi dalaivala. N'chifukwa chake si nzeru kusumira kampani yokha n'kusiya mwini galimoto kunja. Akakana kulipira, khoti limatha kutumiza asherifu, omwe ndi akhoti olanda katundu wa okana kulipira, kukalanda katundu wake.

Kampani ikamangokuzungulitsani popanda yankho lomveka, mukhoza kukadandaula ku Reserve Bank of Malawi, yomwe imayang'anira makampani a inshuwalansi. Koma kudandaula kumeneko sikuimitsa nthawi yosumira, yomwe tafotokoza m'munsimu.

Nanga wa kabaza akandigunda, kapena ndikagwa nditakwera kabaza?

Lamulo ndi lomwelija: njinga yamoto nayo iyenera kulembetsedwa ndi kukhala ndi inshuwalansi, ndipo woyendetsa akalakwitsa ayenera kulipira. Vuto ndi lakuti njinga zambiri za kabaza zilibe inshuwalansi, zina ngakhale nambala zilibe. Mukhoza kupambana kukhoti n'kutsala ndi pepala lokha, chifukwa mnyamatayo alibe chomwe asherifu angalande.

Musataye mtima msanga. Fufuzani mwini njinga, chifukwa anyamata ambiri amayendetsa njinga za mabwana n'kumapereka ndalama kwa mabwanawo tsiku ndi tsiku, ndipo bwanayo akhoza kuyankha monga mwini minibasi uja. Ngati kabaza wanuyo anawombana ndi galimoto, ndipo dalaivala wa galimotoyo analakwitsako, inshuwalansi ya galimotoyo ikukukhudzani.

Nanenso ndinalakwitsako. Kodi ndingalandirebe kanthu?

Inde, koma zochepa. Khoti limagawa kulakwa pakati pa mbali ziwirizo. Likaona kuti pa magawo 100 a kulakwa, 30 ndi anu, ndalama zanu zimadulidwa ndi magawo 30 omwewo. Zomwe zimadulitsa ndi monga kuwoloka osayang'ana, kusamanga lamba, kusavala chipewa pa njinga yamoto, kudumpha galimoto isanaime, kapena kukwera mukuona ndi maso anu kuti dalaivala waledzera. Mwana wamng'ono samuyeza ndi muyeso wa munthu wamkulu. Dalaivala akaona ana m'mbali mwa msewu ayenera kudziwa kuti wina akhoza kuthamangira mumsewu.

Ndili ndi nthawi yaitali bwanji yoti ndisume?

Pa kuvulala kwa m'thupi, lamulo la Limitation Act limapereka zaka zitatu kuchokera tsiku la ngozi. Koma ufulu wosumira kampani ya inshuwalansi mwachindunji ndi wa zaka ziwiri zokha. Kalata yopita kukampani, kukambirana kwa ankhoswa, malonjezo a mwini galimoto akuti "ndikupatsani ndikagulitsa fodya", zonsezi siziimitsa nthawi. Chomwe chimaiimitsa ndi kukalembetsa mlandu kukhoti.

Zaka ziwiri zimaoneka zambiri, koma munthu wothyoka ntchafu amatha miyezi ali chigonere, miyezi ina akuyendera ndodo, kenako dzinja lafika, maganizo onse apita kumunda. Mwana akavulala, kholo kapena womulera ndi amene amamusumira, ndipo si bwino kudikira kuti akule kaye, chifukwa mboni zimabalalika.

Mwini galimoto anabwera kudzapepesa, anagula bokosi ndi chimanga cha pamaliro. Kodi tingasumebe?

Mungathe. Chipepeso ndi umunthu, ndipo kuchilandira sikuchotsa ufulu wanu. Khoti likhoza kungochotsera zomwe anaperekazo pa ndalama za maliro. Nkhani ikakambidwa kwa amfumu, zimathandiza kuti mabanja asadane, koma sizitseka khomo la khoti.

Chomwe chimatseka ndi kusaina. Pepala lonena kuti mwalandira ndalama zonse ndipo simudzafunanso kanthu, kaya lachokera kwa mwini galimoto kapena kukampani ya inshuwalansi, likasainidwa ndi lovuta kwambiri kulibweza. Anthu amasaina ali pabedi la chipatala, ndalama ya mankhwala itawathera, dokotala asananene n'komwe ngati mwendowo udzagwire bwino. Patatha miyezi isanu ndi umodzi n'kumva kuti pakufunika opaleshoni ina. Lamulo limapereka chipukuta misozi kamodzi kokha pa ngozi imodzi, choncho dikirani dokotala anene mmene mudzakhalire. Ngati pepalalo lili m'Chingerezi ndipo simukulimva, pitani nalo kwa wina wa mbali yanu akuwerengereni, osati amene walibweretsayo.

Kodi khoti limawerengera bwanji ndalama zake?

Pali magulu awiri. Loyamba ndi ndalama zomwe munawononga kale: mankhwala, thiransipoti, lipoti la apolisi ndi la kuchipatala, malipiro omwe munataya muli chigonere. Izi ziyenera kulembedwa m'mapepala a mlandu imodziimodzi, ndipo umboni wake ndi malisiti aja. Popanda lisiti, kawirikawiri khoti silipereka.

Lachiwiri ndi zinthu zopanda lisiti: ululu ndi kuzunzika, kulephera kuchita zomwe munkachita kale monga kulima, kutunga madzi, kupalasa njinga kapena kusewera mpira, zipsera ndi kupunduka kwa thupi, ndiponso kuchepa kwa mphamvu zopezera ndalama mtsogolo. Palibe mtengo woikika wa mkono kapena diso. Ku High Court, mlandu ukagamulidwa kuti wolakwa ndi uje, nkhani ya ndalama imapita kwa rejisitara, mmodzi wa akuluakulu a khotilo, yemwe amayang'ana zomwe makhoti anapereka kwa anthu ena ovulala mofanana ndi inu. Amaganiziranso kugwa kwa kwacha, monga kwa mu May 2022 pamene inagwetsedwa ndi 25 peresenti ndi kwa mu November 2023 pamene inagwetsedwa ndi 44 peresenti, chifukwa K3 miliyoni ya 2019 si K3 miliyoni ya lero.

Pofotokoza, musangoti "ndimamva kuwawa". Nenani kuti mizere yomwe munkalima m'mawa umodzi tsopano mumalemba aganyu, kuti simutha kusenza ndowa, kuti kukazizira mu June mwendo umatupa. Telala wothyoka zala ndi mlonda wothyoka zala zomwezo sanataye zofanana, ndipo rejisitara sangadziwe zimenezi mukapanda kumuuza.

Munthu akamwalira pa ngozi, ndani amasuma ndipo ndalama ndi za ndani?

Mlandu umayambidwa ndi woyang'anira chuma cha malemuyo kapena m'modzi wa abale ake apafupi, koma amasumira m'malo mwa onse omwe ankadalira malemuyo: mkazi kapena mwamuna wake, ana ndi makolo. Khoti limapereka ndalama za moyo womwe wadukizidwa, za maliro, komanso za thandizo lomwe banja lataya, ndipo nthawi zambiri gawo lomalizali ndilo limakhala lalikulu.

Powerengera, amatenga zomwe malemuyo ankapeza pachaka, n'kuchulukitsa ndi zaka zomwe akanapitiriza kuthandiza banja, n'kuchotsa gawo limodzi mwa magawo atatu poti limenelo akanadya yekha. Ngati panalibe pepala la malipiro, monga zimakhalira ndi mlimi kapena wageni, makhoti amagwiritsa ntchito malipiro otsikitsitsa omwe boma linakhazikitsa. Ndalama zimenezi si za fuko lonse. Malume kapena mchimwene amene dzina lake lili pa chisamani wangoimira ana amasiye. Akazidya, nayenso akhoza kuimbidwa mlandu.

Ndavulala kuntchito. Abwana akuti ndinali wosasamala ndekha.

Pa ngozi za kuntchito pali njira ziwiri. Yoyamba ndi ya Workers' Compensation Act ya 2000, yomwe imadzera ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu, kumene anthu amangoti ku leba. Pa njira imeneyi simufunika kusonyeza kuti bwana analakwitsa. Chofunika n'chakuti munavulala muli pantchito komanso chifukwa cha ntchitoyo. Bwana ali ndi udindo wokanena za ngoziyo ku ofesiko, koma akamazengereza pitani nokha msanga.

Kawerengedwe kake n'kokhazikika. Wolumala kotheratu amalandira malipiro a miyezi 54, ndipo banja la womwalira limalandira a miyezi 42. Wolumala pang'ono amalandira gawo la miyezi 54 ija molingana ndi zomwe dokotala walemba. Mwachitsanzo, wolandira K150,000 pamwezi, dokotala akalemba ulumali wa 10 peresenti, apatsidwa K810,000.

Njira yachiwiri ndi kusumira bwana kukhoti chifukwa chonyalanyaza. Lamulo la Occupational Safety, Health and Welfare Act la 1997 limapatsa olemba ntchito udindo woonetsetsa kuti malo antchito ndi otetezeka, kuphatikizapo kupereka zodzitetezera ndi kuphunzitsa antchito. Taganizirani mnyamata wa pachigayo amene lamba wa injini akuzungulira poyera, wopanda chotchinga, pafupi ndi pomwe amaweramira kukoka thumba la ufa. Malaya akakodwa, bwana sangangoti "akanasamala", chifukwa chotchingacho ntchito yake ndi kuteteza munthu wotopa amene waiwala kamphindi. Njira ya kukhotiyi imatha kubweretsa ndalama zambiri, koma imafuna umboni ndipo imatenga nthawi. Simulipidwa kawiri: zomwe munalandira ku leba zimawerengeredwa.

Ndaterereka m'sitolo, mwana wagwera m'dzenje, galu wa aneba wandiluma. Izinso ndi milandu?

Zikhoza kukhala. Amene akuyang'anira malo, kaya ndi mwini wake kapena wochita lendi, ayenera kusamala kuti obwera pamalopo asavulale. Sitolo yomwe yakolopa pansi osaika chenjezo, kapena yasiya mafuta otayika kwa nthawi yaitali, ili ndi mlandu. Koma ngati botolo lagwa kumene ndipo inu mwaponda nthawi yomweyo, n'kovuta kunena kuti ananyalanyaza. Kontirakitala wokumba ngalande kapena dzenje la chimbudzi pafupi ndi njira n'kulisiya losatchinga, makamaka komwe kumasewera ana, nayenso amayankha. Chimodzimodzi nthambo za magetsi zomwe zagwa, eni ake n'kuuzidwa koma osabwera. Sungani umboni wa tsiku lomwe anthu anakanena.

Pa galu, mlandu umalimba ngati mwini wake ankadziwa kuti ndi wolusa, monga ngati analumapo munthu kale, kapena ngati anamusiya akuyendayenda kunja kwa mpanda. Koma musanaganize za khoti, tsukani balalo ndi madzi ambiri ndi sopo, ndipo thamangani kuchipatala chifukwa cha chiwewe.

Kodi boma kapena chipatala chingasumiridwe?

Inde. Galimoto ya boma ikakugundani, kapena mukavulazidwa chifukwa cha kunyalanyaza m'chipatala cha boma, wosumiridwa ndi Attorney General, yemwe ndi mlangizi wamkulu wa boma pa za malamulo. Musanasume muyenera kumulembera kalata yomudziwitsa n'kudikira nthawi yomwe lamulo linaika, choncho musayandikire mapeto a zaka zitatu zija.

Milandu ya kuchipatala ndi yovuta. Wodwala kumwalira kapena opaleshoni kusayenda bwino si umboni wa kunyalanyaza. Muyenera kusonyeza kuti dokotala kapena namwino anachita zomwe anzake odziwa ntchito sakanachita, ndipo nthawi zambiri pamafunika dokotala wina woti achitire umboni. Madandaulo a khalidwe la ogwira ntchito amapita ku Medical Council of Malawi, ku Nurses and Midwives Council of Malawi kapena kwa Ombudsman.

Ndilibe ndalama ya loya. Nanga awa obwera m'mawodi n'kumati atithandiza ndi ndani?

Kwa osowa ndalama kuli Legal Aid Bureau, bungwe la boma lomwe lili ndi maofesi ku Blantyre, Lilongwe, Mzuzu, Zomba ndi m'maboma ena. Maloya ambiri oima paokha amalandiranso milandu ya ngozi popanda kulipiriratu, n'kudzatenga zawo mlandu ukatha. Gwirizanani poyambirira, molemba, kuti adzatenga zingati, ndipo ndalama zikatuluka funsani pepala losonyeza zomwe kampani inalipira ndi zomwe zachotsedwa. Mukapambana, khoti nthawi zambiri limalamula wolakwayo kulipiranso gawo la ndalama zoyendetsera mlandu, ndiye funsaninso za zimenezo.

Obwera m'mawodi ndi m'mapolisi aja ndi madobadoba. Si maloya, ndipo sangakuimireni kukhoti. Amatenga buku lanu la kuchipatala ndi lipoti la apolisi n'kukagulitsa mlandu wanu, ndipo pali anthu omwe ndalama zawo zinatuluka iwo osadziwa. Ena amakunyengererani kuti mukokomeze kuvulala kapena mugule lipoti labodza. Zikadziwika, mlandu wanu umagwa ndipo womangidwa ndinu. Musapereke mapepala enieni kwa munthu amene ofesi yake simunaione. Ngati mukukayika loya, kapena wakudyerani ndalama, funsani ku Malawi Law Society, bungwe la maloya.

Dziwaninso kuti si milandu yonse imafika pozengedwa. Malamulo a High Court a 2017 amafuna kuti mbali ziwiri ziyambe zakambirana pamaso pa woweruza, ndipo milandu yambiri ya ngozi imathera pomwepo.

Galimoto yomwe inandigunda ndi yakunja. Nanga m'bale wanga amene anavulala ku Joni?

Ngozi ikachitikira m'Malawi muno, mlandu ndi wa makhoti a kuno ngakhale thiraki itakhala ya ku Zambia, Tanzania kapena Zimbabwe. Magalimoto ambiri otere amayendera inshuwalansi ya COMESA (bungwe la zamalonda la maiko a kum'mawa ndi kumwera kwa Africa) yotchedwa Yellow Card, ena amagula inshuwalansi pachipata polowa. Onetsetsani kuti apolisi alemba nambala ya chiphasocho thirakiyo isanatuluke pa Mchinji, Songwe kapena Mwanza.

Ngozi ya ku South Africa imatsata malamulo a komweko. Kumeneko ovulala pamsewu amakapempha chipukuta misozi ku Road Accident Fund, thumba lomwe ndalama zake zimachokera pa msonkho wa mafuta a galimoto. Nthawi yake ndi zaka zitatu ngati galimoto yolakwayo ikudziwika, ndi zaka ziwiri ngati inathawa osadziwika. M'bale wanuyo asabwerere kumudzi asanatenge nambala ya mlandu kupolisi ndi mapepala a kuchipatala, komanso asanaonane ndi loya wa komweko, chifukwa kuzitsata ali ku Mangochi kapena ku Mzimba n'kovuta kwambiri.